Maswiti Odikira Bambo

Kwathu mtengo wa Khrisimasi sunasowepo maswiti, ngakhale m'zaka zimene anthu a m'tauni yathu ankamwa tiyi wopanda shuga n'kumanamizana kuti wotereyu ndiye wabwino m'mimba. Mtengowo unkakhala waung'ono, chaka china nthambi chabe ya paini yozikidwa m'chidebe cha mchenga, koma maswiti ankalendewerapo ndithu. Iliyonse inali yokulungidwa m'pepala loyera lamphonje, pamwamba pake pepala lonyezimira, lina lofiira, lina lagolide.

Anawagula ndi bambo anga ku Budapest, Khrisimasi yotsiriza asanapite kunkhondo ku Russia. Ine ndinali khanda, choncho bambowo sindinawadziwe. Nkhondo inatha, amuna ena anabwerako, ena anamveka kuti adafa, koma za bambo anga panalibe amene ankadziwa. Amayi anga, a Jolán, ankatidyetsa ndi ntchito yochapa ndi kusita zovala za anthu.

"Awa tidzadya tsiku limene bambo ako adzalowe pakhomo apa," ankatero amayi pomangirira maswitiwo panthambi. "Usawakhudze, Etelka. Kuona kokha."

Sindinkawakhudza. Ndinkangoyandikitsa mphuno, koma ankanunkhira sopo, monga china chilichonse m'nyumba mwathu. Tsiku la Mafumu Atatu likakwana, kumayambiriro kwa Januwale, amayi ankawamasula okha, n'kuwaika m'chitini, chitinicho pamwamba pa kabati.

Kusukulu ndinalibe chonyadira china. Nsapato zanga zinali za mwana wa eni ake, khoti langa linasokedwa kuchokera ku bulangete la asilikali. Koma pa nkhani ya maswiti ndinali mfumukazi. Atsikana a m'kalasi mwathu ankapatukira kumsewu wathu, kuseri kwa uvuni wa njerwa, kudzaunjikana pawindo kuti aone maswiti enieni a nkhondo isanayambe. Shuga ankagulidwa mopimiridwa ndi makuponi a boma, ndipo wochepayo palibe mayi akanamuwonongera pa switi. Amayi anga makuponi athu a shuga ankasinthanitsa ndi mafuta a nkhumba kwa mkazi wa wopha nyama.

Ndinali ndi zaka khumi pamene wailesi inalengeza, kumayambiriro kwa Disembala, kuti makuponi atha. Aliyense agule chimene akufuna, mmene akufunira. Anthu anatuluka m'nyumba opanda zipewa, chipale chofewa chozizira chili kugwa, kukauzana nkhani imene aliyense anali atamva kale.

M'mawa mwake tinapita kusitolo ine ndi amayi. Mzere unafika mpaka pakona ya tchalitchi. Sitoloyo kale inali ya bambo wina amene tonse tinkangowatchula amalume a Dezső, boma linatenga, koma iwo anatsala momwemo monga wogulitsa, ndipo ankalankhulabe ngati mwini wake. Tsiku limenelo pakauntala panali mabotolo aakulu agalasi amene ndinali ndisanawaonepo, odzaza maswiti ofiira ooneka ngati mabulosi, achikasu ngati mandimu, ndi ena amizeremizere. Patsogolo pa botolo lililonse panali kapepala ka mtengo wake. Ndinaona amayi akuwerenga timapepalato, milomo ikugwedera popanda mawu, kenako anayang'ana kumbali.

"Eee, amayi a Etelka!" anafuula amalume a Dezső titafika kutsogolo. "Lero sizasi ndaitaya, palibenso zodula makuponi. Nenani, makilo angati? Shuga ndi uyu, ufa woyera ndi uwu, ndipo taonani ana okongolawa m'mabotolomu."

"Ndipatseni sopo ndi machesi," anatero amayi.

"Basi? Nanga dona wamng'onoyu?"

"Sakonda zotsekemera ameneyu. Zimamupweteketsa mano."

Mayi wina kumbuyo kwathu anaseka. "Mwana wosakonda switi! Jolán, koma ndiye unabereka mngelo."

Mzere wonse unaseka, osati moipa, kuseka kwa anthu osangalala basi. Ine ndinayang'ana nsapato zanga. Ndinatuluka nditanyamula sopo, makutu akutentha ngakhale kunja kunali kuzizira koopsa.

Masiku otsatirawo ndinazindikira chinthu chimene ndinalibe mawu ochinenera. Nthawi ya makuponi kusowa kunali kwa tonse. Ukapanda shuga, mlandu unali wa nkhondo, wa boma, wa chilala. Tsopano shuga anali mbwee m'sitolo, ndipo wosagula ankaonekera yekha ngati ntchentche mumkaka. Ana ankabwera kusukulu masaya atatupa, malilime ali psuu. Pawindo pathu sipanabwerenso munthu.

Zovala zambiri zimene amayi ankachapa zinali za banja la a Halmos, mkulu wa siteshoni ya sitima. Mwana wawo, Vilma, tinali kalasi imodzi. Tsiku lina nditapereka dengu la zosita, amayi ake anandikhazika kukhitchini kuti ndiothe moto, n'kundikankhira mbale ya maswiti ofiira aja.

"Tenga, mwanawe."

Ndinatenga imodzi. Ndinkafuna kuimung'unya pang'onopang'ono ngati munthu wozolowera, koma itangokhudza lilime mano anachita zawo. Ndinaitafuna khobokhobo, ndipo ndisanameze n'komwe dzanja linali litabwerera kale m'mbale.

"Amayi, taonani mmene akudyera!" anatero Vilma. "Ngati hatchi yapatsidwa karoti."

"Vilma, khala chete," anatero amayi ake, koma nawonso anali kumwetulira.

Ndinabweza dzanja. "Ndimangofuna ndione ngati akufanana ndi athu," ndinatero. "Sakufanana. Awa ndi shuga wothira utoto basi. Athu ndi a ku Budapest, mkati muli chokoleti."

"Unalawapo?"

"Chaka chino tidya. Ukafuna udzabwere, ndidzakupatsa imodzi."

Ndinanena mosaopa chifukwa ndinkadziwa kuti mwana wa a Halmos sangaponde matope a kumsewu wathu.

Anabwera. Linali tsiku lotsatira Khrisimasi, masana, ine ndi amayi tikusenda mbatata. Tinamva kugogoda, ndipo nditatsegula ndinaona mayi Halmos atavala khoti laubweya, m'manja atanyamula mbale yovundikira ndi nsalu. Vilma anali pambuyo pawo, akupukuta nsapato pamwala.

"Ndikupsompsona dzanja lanu," ndinapereka moni umene ana kwathu ankapereka kwa akuluakulu.

"Dona!" Amayi anadzuka, n'kuvula epuloni msangamsanga. "Mukanatuma munthu. Pepani, m'nyumba muno..."

"Khala pansi, Jolán iwe, ndangobweretsa keke ya mtedza. Chaka chino shuga alipo, ndaphika yambiri moti tikulephera kumaliza. Komanso mwanayu sakundipatsa mtendere. Akuti analonjezedwa switi ya ku Budapest."

Amayi anandiyang'ana. Nkhope yawo inangochita mbuu ngati nsalu yochapidwa kwambiri.

"Ndi akalekale, dona," anatero. "Angamudwalitse mwana."

"Shuga sawola. Amayi anga ankasunga zaka ndi zaka."

"Ndi a bambo ake a Etelka. Tinati tidikire."

"Ndikudziwa, ndikudziwa," anatero mayi Halmos mofatsa, akuika mbale patebulo. "Koma imodzi yokha, Jolán. Akadzabwera amuna ako sadzawerenga. Ndipo masiku ano ukhoza kungogula ina n'kubwezerapo."

Amayi anatsegula pakamwa, koma Vilma anali atafika kale pamtengo. Anasankha yagolide, ya pansi penipeni, n'kudula ulusi. Ine mtima unkagunda, koma osati ndi mantha. Ndinkayembekeza kuti akatsegula, amayi alolanso kuti ine nditsegule yanga.

Anapotokola mbali imodzi, kenako inayo. Pepala linatseguka pachikhatho pake. Mkati munali kachidutswa ka mtengo, kosemedwa bwino ndi mpeni, kotalika ngati chala chachikulu.

"Ndi nkhuni," anatero Vilma.

Anakatembenuza ndi chala.

"Mwina ndi iyi yokha," anatero Vilma, ndipo asanaletsedwe anadula ina, yofiira. Namonso munali mtengo. Uwu unali ndi kamphanda kumapeto, ndipo aliyense m'chipindamo anauzindikira. Chinali chidutswa cha chopanira zovala pachingwe.

Vilma anaseka, kuseka kwa munthu wodabwa. "Etelka, chokoleti chanu n'cholimba!"

"Vilma, bwera kuno!" Mayi Halmos anamukoka padzanja. Maso awo anali atadzaza misozi, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kuseka kuja. "Mayo, Jolán, osauka iwe. Bwanji sunanene? Zaka zonsezi! Bwanji sunandiuze?"

"Zikomo chifukwa cha keke, dona," anatero amayi. "Mbaleyi ndibweretsa pamodzi ndi zovala."

Atatuluka ndinaima pomwepo, pafupi ndi mtengo. Amayi anavalanso epuloni, anakhala pansi, n'kutola mpeni ndi mbatata. Anasenda imodzi yonse, khungu lake osaduka.

"Onse?" ndinafunsa.

"Onse."

Ndinakumbukira atsikana aja ataunjikana pawindo, ine ndikuwalozera kuti iyo ndi ya chokoleti, iyo ndi ya mtedza. Ndinakumbukira mmene ndinkayandikitsira mphuno.

"Bambo sanagule maswiti?"

"Anagula. Enieni, a ku Budapest, monga ndinakuuzira."

"Nanga anapita kuti? Anatenga asilikali?"

Ndinawapatsa njira yothawira osadziwa. Asilikali anatenga zambiri m'tauni mwathu, mawotchi, nkhuku, makina osokera. Amayi akanangoti inde, ndikanakhulupirira mpaka lero. Anaika mpeni patebulo.

"Ndinadya ine."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. "Munandipatsa ndili mwana?"

"Ayi. Ndikanakonda ndikanati ndinakupatsa. Ndinadya ine ndekha, Etelka." Ankalankhula akuyang'ana mbatata. "Chaka chimene nkhondo inadutsa muno, tinabisala milungu yambiri m'chipinda cha pansi pa nyumba ya anansi athu a Bognár. Unali ndi zaka zitatu. Chakudya chimene chinkapezeka ndinkakupatsa iwe, zimenezo n'zoona, ndipo Mulungu akudziwa. Koma chitinicho ndinabisa m'malaya. Tsiku lina ndinati ndingonyambita imodzi kuti ndipeze mphamvu yokatunga madzi. Ndinaimaliza. M'mawa mwake ina. Ndinkatembenukira kukhoma kuti usaone pakamwa panga. Tsiku lina unandifunsa chimene ndikudya, ndinati ndikupemphera."

"Simunandisiyireko ngakhale imodzi?"

"Tsiku lililonse ndinkati yamawa ndi ya mwana. Ndinangozindikira zatha."

Anatola mbatata ina. Manja awo anali ofiira, osweka ndi madzi a sopo.

"Mapepala ndinasunga. Ndinati zinthu zikadzakhala bwino ndidzagula ena, ndidzakulunga, sudzadziwa. Ndinkati vuto ndi makuponi." Anaseka pang'ono, kuseka kosakoma. "Makuponi atha, ndi ine pano."

Sindinadziwe poika maso. Ndinali ndisanaonepo amayi akuchita manyazi pamaso panga, ndipo ndinamva ngati ndawapeza akusamba. Ndinafuna kuti andikalipire chifukwa choitana Vilma, andimenye kumene, kuti zinthu zibwerere m'malo mwake. Sanatero.

"Nanga za bambo?" ndinafunsa. "Nazonso?"

"Za bambo ako sindinakunamize. Sindikudziwa kumene ali."

Keke ija tinaidya madzulo omwewo, chifukwa chakudya sichitayidwa. Palibe amene ananena kuti ikukoma.

Mayi Halmos sanali munthu woipa. Nkhaniyo anaifotokoza kwa anzawo akulira, monga chitsanzo cha mavuto amene akazi a asilikali akukumana nawo, ndipo pofika Lamlungu tauni yonse inali itamva. Iwo ankadziwa za timitengo tokha. Zinazo zinatsala pakati pa ine ndi amayi. Kutchalitchi azimayi ankatiyang'ana mitu itapendekeka. Mkazi wa wopha nyama anandisisita tsaya. Sukulu itatsegulidwa anzanga ananditcha Chopanira, ndipo kwa nthawi ndithu ndinkapeza timiyala tokulungidwa bwino m'thumba la khoti langa. Koma zimenezo zinabwera pambuyo.

Lolemba m'mawa kunabwera munthu wa kusiteshoni atavala yunifolomu, n'kusiya phukusi la pepala lakhaki. Anati latumizidwa ndi dona. Munali maswiti a pamtengo, atsopano, ochuluka kuposa athu aja, komanso ena ofiira a m'botolo.

"Tibweze," ndinatero.

"Tibweze kuti mawa tichape zovala za ndani?" Amayi anakankhira phukusilo kwa ine. "Idya. Ukatha upite ukathokoze."

"Inu simudya?"

"Ine ndinadya kale anga."

Anatuluka kukayanika zovala. Ndinakhala ndekha ndi phukusilo. Ndinalumbira mumtima kuti sindikhudza, kuti mayi Halmos adziwe kuti sitiri opemphapempha. Ndinakhala choncho kwa kanthawi. Kenako ndinatsegula imodzi kuti ndingoona ngati mkati muli switi yeniyeni. Inali yoyera, yofewa, ndipo inasungunuka palilime ndisanaganize zotafuna. Ndinkafunitsitsa kuti ikhale yoipa. Inali yokoma kuposa chilichonse chimene ndinadyapo. Ndinadya yachiwiri, yachitatu, ndili chiimire, nditatembenukira kukhoma ngakhale m'nyumba munalibe munthu. Nditazindikira mmene ndaimira, ndinakwinya mapepalawo n'kuwaponya m'chitofu.

Masana ndinavala khoti n'kupita kunyumba ya a Halmos kusiteshoni. Ndinagogoda kukhomo la kukhitchini monga mwa masiku onse, koma mayi Halmos ananditengera kuchipinda chochezera, kumene ndinali ndisanalowepo. Munali alendo, mkazi wa dokotala ndi mayi wina wachilendo wovala chipewa chanthenga, akumwa khofi.

"Uyu ndiye mwana uja ndimakuuzani," anatero mayi Halmos, manja awo ali pamapewa anga.

"Mayo ine," anatero wachipewayo. "Ndiye zaka zonsezi unkangoyang'ana timitengo, iwe?"

"Inde, mayi."

"Osatsegulako ngakhale imodzi mwakabisira? Anga akanamaliza mtengo wonse tsiku loyamba!"

"Ndi mwana womvera," anatero mayi Halmos. "Ndipo mayi ake ndi mkazi wolimba. Taganizani, kukhala pansi n'kumasema timitengo kuti mwana asaone kuti m'nyumba mulibe kanthu. Ine ndimati ameneyu ndi woyera mtima."

Azimayiwo anavomereza ndi mitu. Ine ndinayang'ana kapeti. Chipale cha pansapato zanga chinali kusungunuka, madzi akuda akulowerera m'maluwa ake, ndipo sindinadziwe ngati ndisunthe kapena ndiime pomwepo kuti ndibise.

"Wadyako maswiti aja?" anafunsa mayi Halmos.

"Ndadyako."

"Akukoma?"

"Akukoma. Amayi akuti zikomo kwambiri. Inenso zikomo. Ndikupsompsona dzanja lanu."

Vilma anali pakhomo la chipinda china, akundisuzumira. Sanaseke. Anakweza dzanja pang'ono ngati akufuna kundiitana, koma ine ndinayang'ana kumbali. Kuyambira tsiku limenelo sitinalankhulanenso zenizeni, mpaka bambo ake anasamutsidwira kusiteshoni ina chilimwe chotsatira.

Mkazi wa dokotala anatsegula kachikwama kake, n'kutulutsa switi ya mandimu, n'kundipatira m'manja. Ndinathokozanso. Ananditulutsira kukhomo lakutsogolo.

Nditazungulira nyumba ndinapeza amayi akutuluka kukhitchini ndi dengu lalikulu la zovala zakuda. Anali atabwera kudzatenga za sabata imeneyo, nsalu za patebulo za Khrisimasi zothimbirira ndi vinyo ndi msuzi. Anandiyang'ana kumaso, kenako anayang'ana dzanja langa lofumbata.

"Wathokoza?"

"Ndathokoza."

"Anati chiyani?"

"Akuti ndinu woyera mtima."

Amayi anakonza dengu pachiuno. Khosi lawo linafiira mpaka m'makutu.

"Gwira mbali iyo," anatero. "Lalemera lero."

Ndinagwira chogwirira chinacho. Njira yakwathu inkadutsa pasitolo, ndipo panali mzere wa anthu ogula shuga wa Chaka Chatsopano. Amalume a Dezső anationa pawindo, anasiya sikelo, n'kutuluka pakhomo akukodola ndi dzanja, kwinaku atanyamula kanthu kofiira. Amayi anafulumiza mwendo, inenso ndinafulumiza, dengu likutigunda m'maondo mpaka tinakhota pakona ya tchalitchi.